Dzungu la a Lumo

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri a Lumo ankameta anthu m'kachipinda ka mpando umodzi, pafupi ndi pokwerera basi. Dzina lawo lenileni linatsala pa ziphaso. Mumsewu monsemo anali a Lumo, ndipo ngakhale malemu akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho.

Iwo anthu ankawadziwira kumbuyo kwa mutu. Uyu ali ndi chipsera kuseri kwa khutu, uyu tsitsi lake limazungulira pawiri pa liwombo, uyu khosi lake silifuna sopo wonunkhira. Munthu akakhala pampando ankayamba yekha kulankhula, za mpira, za akazi ake, za bwana wankhanza, a Lumo n'kumavomera uku sizasi ikulira. Pakamwa pawo sipankapuma kuyambira m'mawa mpaka potseka.

Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba ankalibisa, akumatsamiritsa chigongono pa nsana wa mpando. Tsiku lina anacheka khutu la dalaivala wina yemwe anakhala akumumeta kuyambira ali mnyamata. Linali kadontho kamodzi ka magazi.

"Palibe kanthu, a Lumo," anatero dalaivalayo akuseka, "makutu ndili nawo awiri."

A Lumo sanaseke. Sabata yomweyo anatseka.

Nyumba imene ankakhala ndi akazi awo inawakulira, choncho anasamukira m'chipinda cha pa nsanjika yachinayi, m'nyumba yosanjikizana ya mumsewu womwewo. Munali bedi, tebulo, kakhitchini, ndi khonde lopapatiza ngati chitseko chogoneka pansi. Galasi la kuntchito analikweza. Mpando wometera unakana kukhota pa masitepe, anausiya pansi, wina n'kuutenga. Anthu a m'nyumbayo ankachoka m'mamawa ndi kubwera dzuwa litalowa, aliyense ndi kiyi wake m'manja. Tsiku lina madzulo a Lumo anazindikira kuti chidzukire sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Anapereka moni kwa ketulo, kungofuna kumva ngati mawu adakalipo. Anatuluka osasa.

Mwana wawo yekhayo ndi namwino, ndipo amakhala m'tauni ina ya kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anabwera chilimwe chikutha, mvula yoyamba itangogwa kumene, misewu ikadali kununkhira fumbi lonyowa. Anafika dzuwa lili pamutu ndipo anawapeza ali m'bulangete, ndevu za masiku anayi zili mbuu.

"Ababa, mwadwala?"

"Ayi."

"Nanga? Wometa wa ndevu chonchi ndinamuwonapo kuti?"

"Ndimetere ndani?"

Namwinoyo anatsekula mawindo, anatsuka mbale, anataya buledi wochita nkhungu. Atatha anakhala pa mphepete mwa bedi.

"Chipinda chakuseri kwathu chili chabe. Tiyeni."

A Lumo ankachidziwa chipindacho. Ankadziwanso kuti m'tauni imeneyo palibe amene angaime mumsewu n'kufuula kuti "A Lumo!" Kumeneko akakhala bambo ake a namwino, nkhalamba ya kuseri. Kuno manda a akazi awo anali pafupi, oti munthu n'kupita wapansi, ndipo pokwerera basi pankapezekabe mitu iwiri itatu imene ankaidziwa.

"Sindingachoke," anatero.

"Chifukwa?"

"Ndili ndi zochita."

"Zotani? Ndiwuzeni chinthu chimodzi chimene chimakudzutsani m'mawa."

A Lumo anayang'ana uku ndi uku. Maso awo anagwera pa khonde. Pakona panali thumba la dothi limene anasiya munthu amene ankakhalamo kale. Iwo ankangotayiramo makoko ndi zotsala za m'khitchini, poopa kutsika masitepe. Masiku angapo m'mbuyomo anatayiramo nthanga za chibenthu cha dzungu chimene anagula kumsika. Tsopano pa dothipo panali timasamba tiwiri tonenepa, tili ndi khoko la nthanga kumutu ngati chipewa.

"Ndili ndi dimba," anatero.

Namwinoyo anapita kukayang'ana. Anaseka mpaka anagwira chitsulo cha khonde.

"Ababa, inu khasu munaligwirapo?"

"Chilichonse chili ndi poyambira, mayi."

Mwanayo anasiya kuseka. Anawayang'anitsitsa monga amayang'anira wodwala amene akubisa pamene pakupweteka.

"Chabwino. Ndibweranso mvula ikatha. Ndikadzapeza dzungu pa chimenechi, ndidzadziwa kuti mumadzuka, ndipo sindidzakuvutaninso. Ndikadzapeza palibe, tidzalongedza. Mwamva?"

"Ndamva."

A Lumo anabadwira m'tauni, bambo awo anali telala. Dothi ankalidziwa ngati chinthu chochotsa ku nsapato. M'mawa mwake, mwana wawo atakwera basi, ananjuta pafupi ndi thumba lija kwa nthawi yaitali, osadziwa choti achite. Anathiramo kapu ya madzi. Masana anathiranso ina, madzulo ina. Pofika tsiku lachitatu dothi linali phala ndipo madzi ankadontha pa zovala za a pa nsanjika yachitatu, amene anakwera kudzadandaula. Aka kanali koyamba munthu wa m'nyumbayo kugogoda pakhomo pawo. A Lumo anapepesa motalikitsa, kuti munthuyo asachoke msanga.

Anaphunzira kupisa chala m'dothi asanathirire. Anaphunzira kuti masamba akalefuka masana si ludzu nthawi zonse, ena amangopuma, dzuwa likapendeka amadzukanso. Tsamba lachitatu linatuluka losiyana ndi awiri oyamba aja, lalikulu, laubweya woyabwa. Analisisita ndi kumbuyo kwa chala, n'kunena okha kuti limeneli likufunika sopo ndi madzi ofunda. Anayamba kudzuka kusanatenthe kuti akawone zimene zachitika iwo ali mtulo, ndipo tsiku lililonse ankapeza kanthu.

Mvula itakhazikika, mbewuyo inapenga. Nsonga zinatulukira mbali zonse, ina kulowera ku chitseko, ina kupisa mutu pa zitsulo za khonde. A Lumo anaimirira patali, anapendeketsa mutu, anatsinzina diso limodzi. Sizinawasangalatse. Anatenga sizasi yawo yakale. Pano panalibe khutu loti angalicheke. Anadula nsonga zonse zotsogola, analinganiza mbali ziwiri, anasesa pansi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali tsiku lometa, ndipo ankalidikira. Mbewuyo inakhala yozungulira bwino, yothithikana, yobiriwira. Maluwa achikasu ankatuluka, kutsekula m'mawa, kufota masana, kugwa. Dzungu panalibe.

Masitepe a nyumbayo ankakolopa mayi wina wa mawu aakulu, wokulira kumudzi, amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndiye ankatsitsanso zinyalala. Lachiwiri lina anagogoda, m'manja muli nsonga zofota.

"A Lumo, izi zachokera kwanu?"

"Eya. Ndimameta Loweruka."

"Mumameta chiyani?"

"Dzungu."

Mayiyo anatula chidebe, anakhala pa sitepe, anaseka mpaka misozi.

"Kalanga ine! Ndiye mwalimeta sitayilo yanji? Mpala?"

"Bwerani mudzawone musanaseke."

Mayiyo anavula nsapato pakhomo n'kupita pa khonde. Anayang'ana, manja ali m'chiwuno.

"Lakongola ndithu. Langosowa tayi kuti lizipita ku ofesi. Labereka angati?"

"Likuganizabe."

"Silingabereke, bambo. Dzungu limaberekera kumene layanga. Inu mukulidula miyendo sabata iliyonse, ndiye lifike kuti? Maluwa mukuwawonawa ndi aamuna okhaokha, amayamba ndi iwo. Aakazi amatulukira kutsogolo uko, kumene inu mukutaya m'zinyalala."

"Maluwanso ali ndi amuna ndi akazi?"

"Zaka zonsezi mumaganiza kuti maungu amachokera kuti? Lalikazi mudzalidziwa, limabwera ndi kampira kunsi kwake. Sizasiyo kaibiseni. Kapena ndipatseni ndikasunge kwathu."

A Lumo anawerenga masabata ndi zala. Mvula inali itadya kale miyezi iwiri. Anaika sizasi m'sutikesi, sutikesiyo pansi pa bedi.

Kulekerera chinthu kuti chikule mmene chikufunira kunawavuta kuposa kuthirira. Nsonga imodzi inadutsa pakhomo moti ankachita kuilumpha. Ina inakwera waya woyanikapo zovala. Loweruka manja ankawayabwa, ankachita kuwapisa m'matumba. Koma tsiku lina masana, mitambo itaunjikana ndipo kunja kuli chete, anakhala pa kampando n'kumayang'ana kachingwe kamodzi kopyapyala kamene kanatuluka pa tsinde. Kanali m'malere, kakufunafuna. Anamwa tiyi, n'kuyang'ananso: kasuntha. Kanakhudza waya. Mmene mvula inkayamba, kanali katazungulira kawiri. A Lumo anali asanadziwepo kuti chomera chimayenda munthu akuwona. Anatembenuka kuti awuze wina, koma m'chipindamo munali bedi ndi tebulo.

Lachisanu anawuza mayi okolopa aja.

"Mwayamba kuwona tsopano," anatero mayiwo. "Mukapeze manyowa a nkhuku ouma, osati aawisi, angaliwotche. Ndipo ndevuzo, a Lumo, dzungu likuchita nazo manyazi."

Tsiku limenelo anameta ndevu, pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litagwira lamanja.

Duwa lalikazi loyamba linatuluka pafupi ndi windo, lili ndi kampira kobiriwira konga nsonga ya chala chachikulu. Linatsekula, linafota. A Lumo ankakayendera kasanu pa tsiku. Tsiku lachinayi kampirako kanachita chikasu, ndipo atakakhudza kanagwera m'manja mwawo. Duwa lachiwiri linachitanso chimodzimodzi. Anakasunga pa sosala mpaka mayi aja atabwera.

"Njuchi munaziwonapo kuno?" anafunsa mayiwo.

"Njuchi ikwere masitepe onsewa? Ine ndimapuma katatu."

"Basi, njuchi ndinu. Lalikazi likatsekula, m'mawa womwewo, mutenge ufa wachikasu uja wa m'duwa lalimuna, mukapake mkati mwa lalikazilo, pakati penipeni. Musachedwe ndi tiyi. Dzuwa likakwera latseka, ndipo silitsekulanso."

A Lumo anayang'ana dzanja lawo lamanja. Linali kugwedezeka lokha pa tebulo.

"Likadzatsekula Lachiwiri kapena Lachisanu, mudzandichitire ndinu."

Mayiwo anafinya chikolopa, osawayang'ana.

"Ine lero ndi lomaliza kuno. Andisinthira ku nyumba ina, kutsidya kwa njanji. Ndimati ndikuwuzeni potsika."

"Ooh."

"Mudzatha. Munthu woti munkayendetsa lumo pakhosi pa anthu."

"Kale limenelo, mayi."

"Likadzabereka mudzadye ndi mchere pang'ono, musadzalimete."

Mayiwo anatsika akukoka chidebe chawo. A Lumo anamva phokosolo nsanjika ndi nsanjika mpaka chitseko cha pansi chitatsekeka. Amene anabwera m'malo mwake anali munthu wa timawaya m'makutu. Ukamupatsa moni ankangokweza chibwano.

Duwa lalikazi lachitatu linatsekula patapita masiku asanu ndi limodzi. A Lumo anathyola lalimuna, anasenda masamba ake, n'kuweramira. Dzanja linalumpha, ndipo duwa lalikazilo linathyokera pakhosi. Anakhala pansi pomwepo, msana utatsamira khoma. Tsiku limenelo sanaphike.

Mvula inayamba kudumphadumpha, kugwa lero, kusowa masiku atatu. Masamba akale a pafupi ndi thumba anayamba kuchita mawanga oyera. Pa tsinde lonselo panatsala kampira kamodzi, kunsonga ya nthambi imene inakwera waya, ndipo duwa lake linali lisanatsekule. Mwana wawo akaimba foni n'kufunsa za dimba, ankangoti, "Lilipo."

Linatsekula m'mawa wina wa mvula yowaza. A Lumo anamangirira ambulera pa waya kuti madzi asalowemo. Anakoka sutikesi ija. Sizasi anaisiya mmenemo, anatenga kaburashi kofewa kopakira sopo wa ndevu. Anakapisa m'duwa lalimuna, ubweya wake unatuluka uli chikasu. Anakwera pa kampando, anagwira waya ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa nsonga ya kaburashiko m'duwa lalikazi. Sanayese kuligwira dzanja kuti lileke kunjenjemera, analisiya. Linanjenjemera monga mwa masiku onse, ndipo ufa uja unkasasika wokha, kugwera pamene unkafunika. Anabwereza ndi duwa lina lalimuna, kenako linanso. Atatsika, malaya anali atanyowa kumsana.

Tsiku lachinayi kampirako kanali kobiriwirabe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kanafika ngati dzira. Sabata itatha kanali ngati chibakera, kakukoka waya. A Lumo anatenga thawulo lakale, anamanga ngodya zake ku waya, dzungulo n'kukhala mmenemo ngati mwana kumsana. M'mawa uliwonse ankaliyeza ndi zikhatho ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse zala zinkatalikirana pang'ono.

Nkhaniyo inawalemera pachifuwa. Anatsika kupita pokwerera basi, ndipo anapeza mmodzi wa anthu awo akale, kalaliki wopuma ntchito.

"A Lumo! Mukadali moyo? Mutu wangawu akuuwononga anthu a masiku ano, tawonani."

"Ndawona kale muli uko. Achimwene, ine ndabereketsa dzungu."

"Munda mwaupeza kuti?"

"Pa khonde."

"Angati?"

"Limodzi."

"Limodzi?" Kalalikiyo anaseka, anawagwira paphewa. Basi yake inafika, anakwera.

Tsiku lina a Lumo anayenda wapansi mpaka kutsidya kwa njanji. Kumeneko nyumba zosanjikizana zinali zambiri, zofanana zonse. Anafunsa alonda awiri za mayi wa mawu aakulu wokolopa masitepe. Mmodzi anati onse ali ndi mawu aakulu. Anabwerera dzuwa likupendeka, mapazi akuwawa, ndipo anapeza masamba atalefuka. Anathirira asanavule nsapato.

Mvula inatha mwakachetechete. Thambo linayera, m'mawa munayamba kuzizira, udzu wa m'mphepete mwa msewu unatembenuka. Khungu la dzungu linalimba moti chikhadabo sichinkalowa, ndipo phesi lake linauma ngati chingwe. Silinali lalikulu. Mbali imodzi inali yophwatalala pamene linatsamira khoma.

Namwino uja anafika Loweruka, atanyamula zikwama ziwiri zikuluzikulu zopanda kanthu. Anapeza bambo ake atavala malaya ositidwa, ndevu zometedwa, pachibwano pali timabala tiwiri. Sanakhale pansi. Anadutsa n'kupita pa khonde, anawerama pansi pa masamba ouma, anaima patsogolo pa thawulo lija. Anagogoda dzungulo ndi chala.

"Simunagule kumsika n'kumangirira?"

"Tsatira tsindelo, mayi, ukafike m'thumba."

Anatsatiradi ndi dzanja, kuyambira pa phesi mpaka pa dothi. A Lumo anayamba kufotokoza, za sizasi, za maluwa aamuna ndi aakazi, za njuchi zosakwera masitepe, za ambulera. Mawu ankatuluka mothamangitsana. Anali atawasunga miyezi iwiri. Mwanayo ankamvetsera akumwetulira, koma maso ake anali pa zikwama zija.

"Mwapambana, Ababa."

"Unanena wekha."

"Ndinanena." Anakhala pa kampando. "Chipinda chija ndinapaka utoto. Ndinaikamo ndi makatani."

A Lumo anayang'ana zikwama zopanda kanthu zija.

"Ana ali kusukulu yogonera konko. Bambo awo ntchito yawo mukuidziwa, amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Ndikaweruka ndimatsekula wailesi, osati kuti ndimvere, koma kuti m'nyumba mukhale mawu. Ndimaphika zambiri, n'kudya ndekha masiku atatu." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndinkati mwina dzungu lanuli likana."

Miyezi yonseyo a Lumo sanaganizepo zoti kutali kuja kulinso nyumba ya zii. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana msewu pansi, denga la kachipinda kawo kakale, njira yopita kumanda. Akanatha kunena kuti tiye, tilongedze. Mawuwo anafika pakamwa. Mwanayo anawadikira.

"Kukazizira kwambiri ndidzabwera," anatero. "Masabata awiri. Mwina atatu."

"Mudzabweradi?"

"Ndidzabwera."

Namwinoyo anagwedeza mutu. Sanawakakamize.

M'mawa mwake a Lumo anatulutsa lumo lawo, analinola pa lamba. Mwanayo anawagwira pamkono kuti dzanja likhazikike, ndipo anadula phesi onse awiri. Dzungulo linali lolemera kuposa mmene linkawonekera.

"Tiphike?" anafunsa mwanayo.

"Ayi. Tenga. Ukadye ndi ana akabwera."

"Inu osalawako?"

"Ine ndaliwona likukula."

Analiika m'chikwama chimodzi, chinacho anachipinda n'kuchiponyera momwemo. Anamuperekeza pokwerera basi. Mwanayo anakhala pawindo, chikwama chili pamiyendo. Mpando wa pambali pake unakhala wopanda munthu mpaka basi itatsala pang'ono kunyamuka, pamene panadzakhala mayi wina wa dengu.

A Lumo anakwera masitepe akupuma pa nsanjika iliyonse. Anatsekula chitseko. Makapu awiri anali pa tebulo, anatsuka onse, imodzi n'kuibweza m'kabati. Kamphepo kozizira kankalowa kuchokera pa khonde, masamba ouma akuchita phokoso ngati mapepala. Anavala juzi, anatuluka, n'kuyamba kumasula tsinde louma lija pa waya, mfundo imodzi imodzi. Inali ntchito yochedwa, ndipo sanafulumire.